Tsiku limene bambo anapukuta bampala

Galimoto ija inafika ku ofesi kwathu chakumapeto kwa zaka za chipani chimodzi, nthawi imene mafuta ophikira, sopo ndi shuga tinkazipeza pochita kukhalira pamzere tsiku lonse. Ine ndinali dalaivala wa bwana wina wamkulu wa boma m'tauni ya Livingstone ku Zambia, ndipo makiyi anandipatsa ine. Inali galimoto yoyera, yatsopano ndithu, koma chimene chinadabwitsa aliyense ndi mabampala ake. Galimoto zonse zimene tinakula tikuziona zinali ndi mabampala achitsulo onyezimira, oti ukawerama umadziona nkhope itatambasuka. Iyi inali ndi mabampala akuda a pulasitiki, okhakhala ukawagwira, komanso kamzere kakuda kodutsa m'mbali mwa zitseko. Madalaivala anzanga ankandiseka kuti boma lasauka mpaka lagula galimoto yovala ndowa.

Mkulu wa ku galaja anandilangiza mwachidule. Anati pakuda ponsepo ndizitsuka ndi madzi ndi sopo basi, polishi wa mtundu uliwonse asakhudzepo, ndipo ndikapeza mthunzi ndiziimika pamthunzi chifukwa dzuwa la kuno limadya pulasitiki. Ndinamvera ngati lamulo la m'tchalitchi. Popaka polishi pathupi pa galimoto ndinkachita kuzemba m'mphepete ndi chala chokulunga kansanza, mpweya nditaugwira.

Ndinali wamantha, ndipo sindikuona chifukwa chobisira. Bwana wanga sindinamuonepo akuzunza munthu, koma anali wosalankhulalankhula, ndipo munthu wotere ine amandiopsa kuposa wokalipa. Nthawi imeneyo m'tauni yathu ya m'malire munkamveka mphekesera za akazitape ndi mabomba, ndipo panali mawu amodzi amene tonse ogwira ntchito m'boma tinkawaopa: sabotaji, kutanthauza kuwononga dala zinthu za boma. Tayala likaphulika pa nthawi yolakwika, kapena galimoto ikakana kulira pamaso pa alendo, mawu amenewa ankayamba kuyenda m'makonde a ofesi. Panalinso amuna a zachitetezo osavala yunifolomu, amene tinkawatchula kuti ashushushu, ndipo ngakhale dzinalo tinkalinena monong'ona titayang'ana kaye kumbuyo.

Koma mantha anga enieni anali kunyumba, ku Maramba, atakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango. Bambo anga anachoka ku Nyasaland ali mnyamata, nayenda wapansi kufunafuna ntchito mpaka anafika kuno. Anayamba ndi kutsuka magalimoto a azungu, kenako anakhala dalaivala. Ufulu utabwera, anzawo akukatenga zitupa za dziko latsopanoli, iwo anati alibe nacho ntchito chifukwa chaka chamawa akubwerera kwawo. Chaka chamawacho sichinafike. Amayi anamwalira n'kuikidwa konkuno, ife ana tinakwatira konkuno, ndipo pamene bambo anazindikira kuti chitupa n'chofunika, kukachipempha kunali ngati kukadziulula wekha. Ine wobadwira ku Maramba ndinali nacho changa. Iwo analibe pepala la dziko lino, ndipo la kwawo linatha kalekale. Apolisi ankati akayamba kusesa anthu obwera, bambo ankakhala m'nyumba masiku angapo, ngakhale kumsika osapondako. Ulendo wawo unali wa kutchalitchi basi, kumene ankapukuta belu ndi zoikapo makandulo ndi polishi wa zitsulo amene ankasunga m'kachitini.

Mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika poti nsapato zimamata phula, tinauzidwa kuti kukubwera mlendo wamkulu kuchokera ku Lusaka ndipo tonse tikamuchingamire kubwalo la ndege. Bwana anandiuza kuti ndipite nayo galimoto kunyumba kuti m'mawa ndisachedwe ndi kuyenda wapansi. Aka kanali koyamba kuti igone ku Maramba. Ana a m'komboni anaizungulira mpaka mkazi wanga anawathamangitsa ndi tsache. Bambo anadzuka pampando wawo. Anaizungulira pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, anagogoda bampala ndi chikhadabo, napukusa mutu. Ine ndinangoti ndi ukalamba, kunyoza chilichonse chatsopano.

M'mawa ndinalawira kumpopi kukatunga madzi otsukira, ndipo ndinapezako mzere wa amayi. Pobwerera ndi ndowa ziwiri ndinaona bambo atagwada kutsogolo kwa galimoto, atavula malaya, thukuta lili chuchuchu, kachitini kawo kali pambali. Ankaimba nyimbo ya m'tchalitchi chapansipansi. Bampala yonse yakutsogolo inali mbuu, ngati wina waithira phala la ufa woyera.

Ndowa sindikudziwa mmene ndinazitulira.

"Ndakuthandiza, mwana wanga," anatero bambo osatembenuka. "Ana a masiku ano ulesi. Mwayenda nayo miyezi yonseyi osachotsa girisi? Uyu ndi wouma kwambiri, koma achoka. Chitsulo chili pansipa."

Kenako ndinamvetsa. Masiku awo, galimoto zatsopano zinkabwera pa sitima mabampala atapakidwa girisi wakuda wolimba kuti asachite dzimbiri m'njira, ndipo ntchito yoyamba ya wotsuka inali kumuchotsa mpaka chitsulo chiwale. Bambo anaigwira ntchito imeneyo kambirimbiri, ndipo ankainyadira. Madzulo aja akupukusa mutu, ankaona galimoto ya boma ikuyenda yosavundukula, mwana wawo akuchita manyazi pamaso pa mlendo wa ku Lusaka.

Ndinagwada pambali pawo n'kuwagwira dzanja. Ndinawauza kuti pansipo palibe chitsulo, kuti chinthucho ndi pulasitiki kuyambira kunja mpaka mkati. Sanandikhulupirire mpaka nditawagonetsa pansi kuti aone kuseri kwa bampalayo, kumene kunali kwakuda chimodzimodzi. Podzuka nkhope yawo inali itasintha. Anayang'ana kansanza kali m'manja mwawo, anayang'ana kumsewu ngati kukubwera kale anthu, ndipo anafunsa ndi mawu aang'ono ngati zimachoka.

Sizinachoke. Tinatsuka ndi sopo, tinakwecha ndi mswachi wanga wa m'mano, tinathira madzi onse a m'ndowa ziwiri zija. Ikakhala yonyowa inkaoneka yakuda, mtima n'kukhala pansi, koma ikangouma kuyera kunkabwerera, kutalowerera m'timaenje tonse ta pulasitikiyo. Pakati, pamene bambo analimbikira kwambiri, panali posalala ndi mikwingwirima yozungulira. Dzuwa linali likukwera.

Mkazi wanga ndiye analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo la mafuta ophikira, amene kuno timati saladi. Anali atawakhalira pamzere dzulo lake kuyambira m'mawa mpaka masana. Anangodontheza pakansanza n'kupaka pakona. Kuyera kunazimiririka pomwepo, pulasitiki inada bii, kuposa mmene inabwerera. Tinapaka bampala yonse. Anandithirirako ena m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa kuti ndiike m'thumba. Bambo anaimirira chapatali, malaya ali m'manja. Ndikulowa m'galimoto ndinawauza kuti asadandaule, zatha. Anangogwedeza mutu.

Kunyumba kwa bwana ndinaimika galimoto chobwerera m'mbuyo kuti afikire ku chitseko chakumbuyo cha galimotoyo osaona kutsogolo. Analowa, anatsegula nyuzipepala, ndipo ulendo wonse maso anali pomwepo. Ine ndinkangomva fungo la saladi m'manja mwanga, ndikudabwa kuti iye sakulimva bwanji.

Kubwalo la ndege magalimoto anatiuza kuti tiwandanditse moyang'ana kumene kunali anthu. Panalibe mthunzi. Amayi a chipani ovala zitenje zofanana anali akuvina kale, ana a sukulu atanyamula timbendera, ng'oma zikulira. Ndege inachedwa. Kuvinako kunadzutsa fumbi lofiira, ndipo mphepo inkalibweretsa kwathu. Apa m'pamene ndinaphunzira chimene mafuta amachita ndi fumbi. Magalimoto ena fumbi linkangotera pang'ono, koma bampala yanga inkaligwira lonse, mpaka inafiira ngati chitumbuwa. Ndinawerama n'kupukuta ndi kansanza. Fumbi linachoka pamodzi ndi mafuta, ndipo kuyera kunasuzumira. Ndinatulutsa kabotolo, ndinadontheza, ndinapaka, n'kuimirira ngati palibe chachitika. Pasanapite nthawi fumbi linateranso.

Sindikudziwa kuti ndinawerama kangati. Munthu wanzeru akanaona mmene zinkaonekera kwa ena: dalaivala akuyang'ana uku ndi uku, akutulutsa kabotolo m'thumba, akugwada kutsogolo kwa galimoto ya boma, pa tsiku limene kukubwera munthu wamkulu. Ine nzeru zinali zitandithawa. Ndinkangoona kuyera kuja.

Nditagwada choncho, ndinaona nsapato ziwiri zakuda pafupi ndi bondo langa. Kumbali inayo kunalinso zina. Anali amuna awiri ovala malaya wamba, wina wamtali wa magalasi akuda, wina wamfupi wonenepa. Wamtaliyo analankhula mofatsa kwambiri.

"Iwe, ufaka chani pansi pa motoka?"

Ndinati sindikuikapo kanthu, ndikupukuta chabe. Anandiuza kuti ndiimirire, manja aoneke, ndipo wamfupi uja anapisa m'thumba mwanga n'kutulutsa kabotolo. Ananditenga wina uku wina uku, osandigwira mwamphamvu, kudutsa pamaso pa amayi ovina aja mpaka kuseri kwa nyumba yosungiramo galimoto yozimira moto. Ndinkaganiza za anthu amene tinkamva kuti anatengedwa chonchi, akazi awo n'kumazungulira m'mapolisi osauzidwa kanthu.

Ananunkhiza kabotoloko, analiyang'ana padzuwa, kenako anandiuza kuti ndimweko. Ndinamwa, mafuta osakanikirana ndi fungo la mankhwala a chifuwa, mseru n'kundigwira. Anadikira kuona ngati ndigwe. Kenako mafunso anayamba: chitupa changa, kumene ndimakhala, kumene galimoto inagona, amene anaiyandikira usiku. Ndinati palibe anaiyandikira, ndi ine ndekha. Wamtali uja anatembenuza chitupa changa, nawerenga dzina la makolo mokweza, kawiri.

"Ili zina si ya kuno. Batate bako ni bakuti?"

Ndinanama kuti ndi a ku Chipata, m'dziko lomwe lino. Anafunsa ngati ali moyo, ndipo ndinati inde, ali kunyumba, ndi okalamba, sayenda. Sanalembe chilichonse, anangondiyang'ana kudzera m'magalasi aja, ine osaona maso ake. Pamenepo ndinaona zonse m'maganizo mwanga: galimoto ya apolisi ikuima pansi pa mango, bambo akufunsidwa chitupa, manja awo akadanunkha polishi. Munthu wobwera, wopanda pepala, wagwira galimoto ya boma m'mawa wa tsiku lotere. Sindinkaopanso ntchito. Thukuta linkatsika m'miyendo mpaka m'masokosi.

Wamfupi anapita kukaitana bwana. Bwana anabwera pang'onopang'ono, akudzikupiza ndi nyuzipepala, ndipo tonse tinabwerera kugalimoto. Anawerama, anakanda bampala ndi chala chachikulu, anayang'ana chalacho, n'kuchinunkhiza. Anandifunsa kuti n'chiyani. Ndinati ndinalakwitsa m'mawa, ndinapaka polishi posayenera, ndiye ndimabisa ndi saladi. Bwana anaweramuka n'kundiyang'ana.

"Banthu bagona pa laini kufuna saladi," anatero, "iwe udyesa motoka?"

Wamfupi uja anaphulika kuseka. Wamtali anamwetulira pang'ono n'kundibwezera chitupa. Bwana anawauza kuti amandidziwa, ndine wamantha chabe, ndipo anawonjezera kuti mabampala a masiku ano ndi opanda pake, ya mlamu wake inayera yokha ndi dzuwa. Anandiuza kuti mawa ndiipereke ku galaja akaipake penti wakuda. Anapukuta chala pa nyuzipepala n'kubwerera kukakhala pamthunzi. Nkhani inathera pomwepo. Kabotolo kokha sanandibwezere.

Ndinalowa m'galimoto n'kugwira chiwongolero. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kulira. Chimene ndinkalakalaka chinali kuthamangira kunyumba kukawauza bambo, koma ndege inatera, ndipo tsiku lonse ndinali pa mdipiti wa magalimoto, ku mathithi, ku hotela, ku msonkhano. Bampala inayera mbee pamaso pa anthu onse ndipo palibe anaiyang'ana. Ndinkakonza m'mutu mmene ndikafotokozere nkhaniyo kunyumba, ndikuyerekeza mawu a bwana kuti bambo akaseke.

Ndinafika ku Maramba wapansi dzuwa likulowa. Mkazi wanga anali atakhala pakhomo, ana atamuunjikira. Atandiona anaimirira n'kugwira pakamwa ngati waona mzukwa. Anandigwira mikono, kumaso, akufunsa ngati andimenya. Ndinadabwa kuti wadziwa bwanji. Anati mayi wa nyumba yoyandikana nafe, munthu wachifundo wa mtundu wa Alozi amene anali m'gulu la ovina, anandiona ndikutengedwa ndi ashushushu, ndipo anazemba pagulupo n'kuthamanga ulendo wonse kudzanena kuti andigwira chifukwa cha galimoto. Ndinayamba kuseka, ndikuti palibe chimene chachitika, aitane bambo ndiwauze. Iye sanaseke.

Anati bambo atamva uthengawo analowa m'chipinda, navala jekete la kutchalitchi, namanga zovala m'kasutikesi. Iye anawagwadira, anawagwira miyendo, akuwapempha kuti adikire kufikira madzulo. Anakana. Anamuuza kuti akadikira, apolisi adzawapeza m'nyumba, ndipo mlandu udzakhala uwiri, wa galimoto ndi wosunga munthu wopanda chitupa. Anamusiyira mawu oti akandiuze kulikonse kumene anditsekera.

"Anati mukanene kuti ndi iwo anapukuta," anatero mkazi wanga. "Anati, 'Asandibise. Anene kuti ndi nkhalamba ya ku Malawi, ndipo yathawa. Akabwera adzapeza ndapita, mlandu upite ndi ine.'"

Bambo anakwera basi ya masana yopita ku Lusaka. Ndinathamangira kokwerera mabasi ngakhale ndinkadziwa kuti n'zachabe, ndipo ndinapeza amayi ogulitsa akulongedza katundu wawo. M'mawa mwake ndinapereka galimoto ku galaja monga ndinauzidwa. Anaipaka penti, ndipo mkulu wa ku galaja anangonditukwana pang'ono. Kupempha tchuthi sabata imeneyo ndinaopa, chifukwa akanandifunsa kumene ndikupita ndi chifukwa chake. Tinakhala tikudikira, kugogoda kulikonse pachitseko mtima n'kudumpha. Apolisi sanabwere, bambonso sanabwere.

Patapita miyezi, munthu wina wa kutchalitchi kwathu amene anapita kumaliro ku Malawi anabwera ndi uthenga woti bambo anafika. Anadutsa malire wapansi, m'tinjira ta m'minda, monga anabwerera ali mnyamata. Chaka chotsatira nditapeza tchuthi ndinapita, ulendo wanga woyamba m'dziko limene ku ofesi ankati ndi kwathu. Ndinawapeza m'mudzi wina wa ku Ntcheu, m'kanyumba kakuseri kwa mdzukulu wa mchemwali wawo, munthu amene anali asanawaonepo chibadwire. Onse amene ankawadziwa anali kumanda. Ana a m'mudzimo ankawatchula kuti agogo a ku Zambia.

Ndinapita ndi cholinga chowatenga. Nditawaona ndinadziwa kuti sizitheka. Miyendo inali itatupa, kuchoka pamphasa kufika pakhomo ankachita kugwira khoma, ndipo njira ya m'minda ija sakanaiyendanso. Pachipata cha boma sakanadutsa opanda pepala. Tinakhala pakhonde masana onse. Anafunsa za adzukulu mmodzimmodzi, anafunsa ngati manda a amayi tikuwalambula, ngati belu la kutchalitchi pali amene akulipukuta. Anafunsa ngati ntchito ndikadali nayo, ndipo nditati inde anatseka maso kwa kanthawi.

Kenako anandiyandikira, natsitsa mawu ngakhale panalibe wina pafupi kupatula nkhuku.

"Anabwera angati kudzandifuna?"

Ulendo wonse m'basi ndinali nditakonzeka kuwauza zoona, kuti bwana anaseka, kuti penti inakonza zonse m'mawa umodzi. Ndinayang'ana miyendo ija, ndi kasutikesi kali pakona, ndi mudzi wa anthu osawadziwa umene anadzafera. Ndinawauza kuti anabwera ambiri, galimoto yodzaza, ndipo anafufuza nyumba yonse mpaka pansi pa bedi. Ndinati atapeza kuti bambo apita, ananditulutsa tsiku lomwelo.

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nkhope yawo ikumasuka.

"Ndinadziwa," anatero. Ndipo anaitana mwana kuti andibweretsere madzi akumwa.